Tomasi Sadachoke Pakati pa Anzake



Chaka ndi chaka, pa Lamulungu lachiwiri la Pasaka, Eklezia amatiwerengera Mthenga Wabwino umodzi womwewo, wochokera m'mutu 20 wa Yohane Woyera. Mau a masiku ena a Lamulungu amasinthasintha pa zaka zitatu, koma nkhani ya Tomasi siphonya. Ndiye kuti pongopita mlungu umodzi chiimbire Aleluya, fungo la lubani wa usiku wa Pasaka lisadatheretu m'tchalitchi, Eklezia amatiimika pamaso pa munthu amene adakana kukhulupirira. Amatero chifukwa amawadziwa ana ake. Pakati pa ife amene tidayatsa makandulo usiku uja, alipo mai amene adaika mwana wake m'manda mwezi watha, ndipo nyimbo imatuluka pakamwa pokha. Alipo mnyamata wa ku sekondale amene wabwera ku tchuthi ndi mafunso amene akuopa kufunsa bambo ake. Alipo ngakhale katekisiti amene amatsogolera mapemphero pamaliro mlungu ndi mlungu, nauza anamfedwa kuti akufa adzauka, koma pobwerera kwao panjinga amadzifunsa chamumtima ngati iye mwini akukhulupiriradi zimene wanenazo. Anthu otere sanena, poopa kuti anzao angawayese akunja.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri timachilumpha powerenga: Tomasi sadali yekha wokayika. Dzina loipa lidamkakamira iye, komatu anzake onse adadzera njira yomweyo. Luka Woyera akutiuza kuti pamene amai aja adafika kuchokera kumanda m'mamawa, apostoli adayesa mau ao nkhambakamwa chabe. Madzulo a tsiku lomwelo, Ambuye ataimirira pakati pao, iwo adaganiza kuti akuona mzukwa, kotero kuti Ambuye adachita kupempha chakudya, nadya chidutswa cha nsomba yootcha iwo akupenya. Ndipo Mateyo, m'mutu wake wotsiriza, pofotokoza za phiri la ku Galileya pamene ophunzira 11 aja adagwadira Ambuye, akuonjeza mau ochepa odabwitsa akuti ena mwa iwo adakayikabe. Anthu omwewo, nthawi yomweyo, ndiwo adatumidwa kukaphunzitsa ndi kukabatiza mitundu yonse. Ambuye sadadikire kuti mitima yao iyambe yakhazikika.

Zimenezi zili ndi phindu lake kwa munthu wofunsa ngati nkhani ya kuuka si yopeka. Munthu wopeka nkhani kuti akope anthu sajambula atsogoleri ake ngati amantha ndi ouma mitu. Satenganso amai kukhala mboni zoyamba, pakuti masiku amenewo umboni wa amai sunkawerengedwa kwenikweni pa bwalo la milandu. Olemba Mthenga Wabwino adalemba zochititsa manyazizo chifukwa ndi m'mene zidachitikira.

Tsono Tomasi adali munthu wotani? Dzina lakelo m'chilankhulo cha kwao litanthauza wamapasa, ndipo Yohane akulimasulira m'Chigriki kuti Didimo. Asadafike pa nkhani ya lero, timamumva akulankhula kawiri. Poyamba ndi pamene Ambuye adafuna kubwerera ku Yudeya chifukwa cha imfa ya Lazaro, kumene Ayuda adali atafuna kuwaponya miyala. Ophunzira ena adayesa kuwaletsa, koma Tomasi adauza anzake kuti apite nawo basi, akafere limodzi. Kachiwiri ndi pa mgonero wotsiriza, pamene Ambuye adati ophunzira akuidziwa njira ya kumene iwo akupita. Onse adakhala chete, monga timachitira ife pamsonkhano tikapanda kumva, koma Tomasi adanena poyera kuti sakudziwa kumene Ambuye akupita, nanga njirayo angaidziwe bwanji. Chifukwa cha funso limenelo tili ndi yankho lija limene mwana aliyense wa katekisimu amalidziwa, lonena za njira, choona ndi moyo. Akulu adati safunsa adadya phula. Tomasi adali munthu wolimba mtima, wokonda Ambuye, woona msanga mbali yakuda ya zinthu, ndiponso wosatha kunamizira kuti wamva pamene sadamve.

Munthu wotere Lachisanu Loyera lidamsweratu. Pamene anzake adamuuza kuti aona Ambuye, iye adaika malire ake: pokhapokha ataona zipsera za misomali, naikamo chala, napisa dzanja m'nthiti muja. Mau amenewa ndi aukali, pafupifupi amwano. Koma timvetse bwino kumene akuchokera. Si mau a munthu wonyada amene wawerenga mabuku ambiri. Ndi mau a munthu amene adakhulupirira kamodzi ndi mtima wake wonse, chinthucho n'kumuphulikira m'manja, ndipo safuna kupwetekedwa kachiwiri. Aliyense amene adapempherera wodwala usiku ndi usana, nachita manovena, napereka za Misa, wodwalayo n'kumwalirabe, akudziwa m'mene mtima umadzitsekera pambuyo pake.

Apa ndi pamene tifuna kuimapo pang'ono, pakuti ndi pamene pali phunziro limene limatipita. Pakati pa kukana kwa Tomasi ndi kubweranso kwa Ambuye padapita masiku asanu ndi atatu. Za masiku amenewo Yohane akutiuza chinthu chimodzi chokha: atatha, ophunzira adalinso m'nyumba, ndipo Tomasi adali nao pamodzi. Taganizani kulemera kwa mlungu umenewo. Anthu khumi akusangalala, akubwereza nkhani yomweyo m'mawa ndi madzulo, wina akuti ndidaona manja, wina akuti adatipumira mpweya, ndipo iwe wekha uli pakona ngati namfedwa wokhala paukwati. Palibe kusungulumwa koposa kumeneko. Chapafupi kudali kunyamuka, kubwerera ku Galileya, kukayamba moyo wina. Yudasi adatuluka yekha usiku ndipo sadabwerenso. Tomasi adakhala. Adadya nao, adagona nao m'nyumba yotseka zitseko ija, osakhulupirira zimene anzake ankakhulupirira, koma osawasiya.

Ndipo anzakewo sadampirikitse. Petulo, amene adali atakana Ambuye katatu masiku ochepa apitawo, adalibe mphamvu yoloza wina chala. Sitiwerenga kuti adamuitanitsa bwalo, kapena kuti adamuuza kuti ayambe wavomera ndipo adzalowe. Adamuuza zimene adaona, nam'siyira malo ake pamphasa. Ntchito yotsala idali ya Ambuye, ndipo Ambuye adaichita pa nthawi yao. Onaninso kuti sadamuonekere payekha kuseri, ngakhale akadatha kutero Lolemba kapena Lachitatu. Adadikira tsiku loyamba la mlungu, pamene abale adasonkhana.

Atabwera, sadayambe ndi chidzudzulo. Adayamba ndi kupereka mtendere, kenaka adatembenukira kwa Tomasi nabwereza mau ake omwe aja, limodzi ndi limodzi: chala, manja, dzanja, nthiti. Pamenepo Tomasi adazindikira kuti pamene ankalankhula mwaukali muja, poganiza kuti Ambuye kulibe, iwo adali pomwepo akumva. Yohane sakunena kuti adapisadi dzanja lija. Akungotiuza yankho lake, loti Yezu ndiye Mbuye wake ndi Mulungu wake. M'buku lonse la Yohane palibe wophunzira wina amene adafika pamenepo. Buku limene lidayamba ndi kulengeza kuti Mau adali Mulungu likufika pachimake pamene munthu wokayika uja akunena zomwezo ndi pakamwa pake. N'chifukwa chake Papa Gregori Wamkulu, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 590 mpaka 604, adaphunzitsa kuti kusakhulupirira kwa Tomasi kudatithandiza ife koposa chikhulupiriro cha ophunzira enawo. Mwambo wakale ukutinso Tomasi yemweyu ndiye adafika kutali kopambana ndi Mthenga Wabwino, mpaka ku India. Akhristu a ku Kerala mpaka lero amadzitchula ndi dzina lake, manda ake amalemekezedwa ku Mylapore mu mzinda wa Chennai, kumene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakapemphera mu 1986, ndipo ife timachita chaka chake pa 3 Julaye.

Koma nanga bwanji Ambuye ouka ankavuta kuwazindikira? Mariya wa ku Magadala adawayesa wosamala munda. Asodzi aja pa nyanja ya Tiberiasi adaona munthu ataima pamtunda m'bandakucha, osadziwa kuti ndani. Anthu amene adayenda nao zaka zitatu akadalephera bwanji? Yankho ndi lakuti kuuka kwa Ambuye sikufanana ndi kwa Lazaro. Lazaro adabwerera ku moyo uno womwewu, adakalamba, namwaliranso. Aliyense wa ku Betaniya adamzindikira pomuona. Yezu sadabwerere m'mbuyo. Adapitirira imfa, nalowa ndi thupi lake lomwe m'moyo wa Mulungu, umene maso athuwa sadapangidwire kuupenya. Ndi yemweyo, pakuti amadya ndipo amakhudzika. Koma ndi wosinthika, pakuti zitseko zotseka sizimletsa. Paulo Woyera, polembera Akorinto cha m'ma 55, pamene ambiri mwa abale oposa 500 amene adaona Ambuye adali akali moyo, adafanizira zimenezi ndi mbeu. Mwana amene sadaonepo munda, mutamuonetsa njere ya chimanga ndi phesi lobereka zisononkho ziwiri, sangavomere msanga kuti ndi chinthu chimodzi.

Tsono pa nkhani zonsezi palibe amene adazindikira Ambuye mwa nzeru zake. Nthawi zonse iwo ndiwo adayamba. Mariya adamuitana ndi dzina lake. Asodzi adawadzazira khoka. Tomasi adamuonetsa mabala. Mabala amenewa ndi chinthu choti tichisinkhesinkhe. Ife tikadakhala olemba nkhaniyi, tikadawafafaniza, kuti thupi la ulemerero likhale losalala. Mulungu adawasiya. Kuuka sikudachite ngati Lachisanu Loyera kudalibe. Kudatenga zimene zidachitika tsiku lija n'kuzisandutsa chizindikiro chodziwira Ambuye. Ndiye pamene tiuza mai woferedwa za chiyembekezo cha kuuka, sitikumuuza kuti aiwale, kapena kuti imfa ya mwana wake ndi nkhani yaing'ono. Amene timamupembedza ali ndi zipsera mpaka lero, ndipo bala la maiyo alidziwa.

Nkhani ya ku Emausi ikuonjeza mbali ina. Kleopa ndi mnzake adachita zimene Tomasi sadachite: adachoka. Adatembenukira Yerusalemu msana, nayamba ulendo wa makilomita ngati 11. Mlendo atawapeza panjira, adamfotokozera za Yezu wa ku Nazarete ngati za chiyembekezo chimene chidatha kale. Zoona zonse adali nazo, mpaka nkhani ya manda opanda kanthu ndi ya angelo, koma zidali ngati nkhuni zounjika popanda moto. Mlendoyo adayamba wawafunsa, nawamvera mpaka atatha, ndipo pokhapo adawatsegulira Malembo, kuyambira kwa Mose. Adayenda nao njira yolakwikayo, yochoka ku Yerusalemu, mpaka dzuwa kupendeka. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Iwo adamzindikira pomwe adanyema mkate, ndipo nthawi yomweyo adazimirira. Atatsala okha ndi pamene adakumbukira kuti mitima yao inkatentha panjira paja. Kawirikawiri zimatero ndi ifenso: kuti Mulungu adali nafe m'chaka chovuta chija timadzadziwa pambuyo, potembenuka. Ndipo amene amapita ku Misa aona kale kuti ulendo wa ku Emausi ndiwo dongosolo la nsembe yathu, poyamba Mau, kenaka Mkate, potsiriza kunyamuka kukauza abale.

Tilankhule tsopano ndi inu akatekisiti ndi inu makolo, pakuti anthu okayika amafikira kwa inu asadafike kwa ansembe. Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, amasiyanitsa kukayika kwa mitundu iwiri. Kulipo kukayika kwadala, pamene munthu akana kapena anyozera mwaufulu zimene Mulungu adaulula. Kawirikawiri kumeneku kumakhala ndi chifukwa chobisika: munthu watenga mkazi wachiwiri, kapena walowa malonda achinyengo, ndipo kumkomera kuti Mulungu akhale nkhani yokayikitsa. Koma kuliponso kukayika kosafuna, kumene kuli kuzengereza kwa mtima, kulephera kuyankha mafunso ovuta, kapena nkhawa yobwera chifukwa chikhulupiriro chili ndi mdima wake. Kumeneku si tchimo, malinga munthu asakuwete dala. Yohane Mbatizi ali m'ndende adatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yezu ndiye uja ankamuyembekeza, ndipo Ambuye, m'malo momnyoza, adamtama pamaso pa anthu kuposa onse obadwa mwa amai. Bambo uja wa mwana wogwidwa ndi mzimu woipa adanena m'mpweya umodzi kuti akukhulupirira ndiponso kuti chikhulupiriro chake n'choperewera, ndipo mwana wake adachira.

Ife tiona kuti pamenepa timalakwa kawirikawiri chifukwa cha mantha. Mwana akafunsa kuti tidziwa bwanji kuti akufa adzauka, timamkalipira kuti sukulu yamuononga, chonsecho chotikwiyitsa n'chakuti funsolo lakhudza pamene ifenso pamatiwawa. Mwanayo amaphunzira kuti m'nyumba ya Akhristu mafunso saloledwa, ndipo amakawafunsa kwina, kwa anthu amene adzamuyankha mokondwa. Kuli bwino kumuuza zimene tidziwa, ndi kupita naye kwa wina wodziwa zambiri pa zimene zatikanika. Chimodzimodzi mkhristu amene waleka kubwera ku mphakati maliro atachitika pakhomo pake. Asamayambe kuona atsogoleri pa tsiku lokha lofunsa za mtulo. Timuyendere, tikhale naye, tikamlimire ngati munda wagonera, ndipo akalankhula mau owawa onena Mulungu tisathamangire kumtseka pakamwa. Masalimo amene timaimba ali ndi madandaulo oposa amenewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa ena masiku asanu ndi atatu aja amakhala zaka.

Ndipo tisaganize kuti mdima wotere umagwera ofooka okha. Tikumbuke Thérèse Martin, amene timamdziwa ndi dzina loti Tereza Woyera wa Mwana Yezu. Pazithunzi timamuona atanyamula maluwa, akumwetulira, ndipo timayesa kuti njira yake idali yosalala. Adabadwa mu 1873 ku Alençon m'dziko la France, nalowa m'nyumba ya asisiteri a Carmel ku Lisieux mu 1888, ali ndi zaka 15. Kuyambira ubwana wake, kumwamba kudali kwa iye chinthu chodziwikiratu ngati mudzi wakwao, kotero kuti ankaganiza kuti anthu okana Mulungu amangonena pakamwa zimene mtima wao sukuvomereza. Usiku wa Lachinai Loyera kuchera Lachisanu Loyera, mu Epulo 1896, adasanza magazi koyamba. Chidali chifuwa chachikulu, chimene masiku amenewo chidalibe mankhwala. Iye adakondwa, poona kuti nthawi yokaonana ndi Ambuye yayandikira. Koma patangopita masiku ochepa, m'nyengo ya Pasaka yeniyeniyo, pamene Eklezia yense ankaimba za kuuka, kuwala kuja kudazima. Ganizo la kumwamba, limene lidali chimwemwe chake, lidasanduka chomuzunza. Mumtima mwake ankamva ngati mau omuseka, omuuza kuti kuseri kwa imfa kulibe kanthu, koma usiku wokhawokha.

Mdima umenewu sudachoke. Adakhala nao miyezi pafupifupi 18, mpaka tsiku la imfa yake, pa 30 Seputembala 1897, ali ndi zaka 24. Asisiteri ambiri okhala naye sadadziwe kanthu, pakuti ankagwira ntchito zake, kuseka ndi anzake ndi kulemba ndakatulo zonena za kumwamba monga kale. Za ndakatulozo iye mwini adafotokoza, m'zimene adalemba mu Juni 1897 pomvera mkulu wa nyumbayo, kuti ankaimba zimene ankafuna kukhulupirira, osati zimene ankazimva. Adanenanso kuti m'chaka chimenecho adabwereza kuvomera chikhulupiriro chake kambirimbiri kuposa m'moyo wake wonse. Wansembe wina atamlangiza kuti alembe Kredo ndi kumayenda nayo, iye adailemba ndi magazi ake. Apa tiona kuti chikhulupiriro sichili chimodzi ndi kumva kukoma mumtima. Kumva kumabwera ndi kupita ngati mitambo ya mwezi wa Novembala. Chikhulupiriro ndi kugwiritsa mau a Uyo amene adalonjeza, ngakhale pamene mtima uli gwa.

Chodabwitsa koposa ndi chimene mdimawo udachita mwa iye. Sudamuumitse, udamfewetsa. Anthu osakhulupirira aja, amene kale sankawamvetsa, adayamba kuwatchula abale ake, navomera kukhala nao pa tebulo limodzi ndi kudya nao chakudya chao chowawa nthawi yonse imene Mulungu angafune, kuti iwo adzaone kuwala. Ukaristia wake wotsiriza adalandira pa 19 Ogasiti 1897, naupereka chifukwa cha wansembe wina wotchuka amene adali atachoka mu Eklezia. Masabata asanu ndi limodzi otsatirawo matenda sadamlolenso kulandira. Mai Teresa a ku Calcutta, amene adasankha dzina lao potsata woyera yemweyu, adayenda njira yofanana kwa zaka pafupifupi 50, monga dziko lidadziwira makalata ao atasindikizidwa mu 2007.

Nkhani ya Thérèse ili ndi nthambi imene idafika kwathu kuno. Mu Okutobala 1895 mnyamata wina wa ku seminale, dzina lake Maurice Bellière, adalembera nyumba ya Carmel ku Lisieux kupempha kuti sisiteri mmodzi azimpempherera, pakuti ankafuna kukhala mmishonale koma ankadziona wofooka. Adampatsa Thérèse. Kalata yoyamba imene Thérèse adamlembera ndi ya mu Okutobala 1896, ndipo yotsiriza ndi ya mu Ogasiti 1897. Werengani miyeziyo: makalata onsewo adalembedwa m'kati mwa mdima uja. Mnyamatayo ankalemba za machimo ake akale, za mantha ake, za kukayika ngati adzalimba. Ndipo mtsikana amene iye mwini sankaona kanthu kutsogolo kwake ndiye ankamlimbitsa, kumuuza kuti adziponye m'chifundo cha Yezu monga mwana wolakwa amathamangira m'manja mwa bambo ake, ndi kumlonjeza kuti akadzafika kumwamba adzakhala naye pafupi kuposa kale. Adamsiyiranso kamtanda kake. Awiriwa sadaonanepo maso ndi maso. Inu akatekisiti amene mumaopa kuti mukunamiza anthu polalika pa tsiku limene mtima wanu uli wouma, onani apa. Thérèse sadanamize Maurice. Adampatsa zimene Eklezia amakhulupirira ndi zimene iye adasankha kugwiritsa, ndipo zidali zoona ngakhale iye sankazimva kukoma.

Maurice adalowa chipani cha White Fathers, nadzozedwa unsembe mu 1901. Mu 1902 adatumidwa ku dziko lino, limene Azungu ankalitchula ndi dzina la nyanja ya Nyasa, m'zaka zoyambirira zenizeni za mishoni za chigawo chapakati. Adagwira ntchito ku Chiwamba ndiponso ku Likuni. Tikadakonda kunena kuti adakhala mmishonale wamkulu, koma sizidatero. Malungo adamfooketsa, kusamvana kudabuka, ndipo mu 1905 adasiya ntchito yake osalandira chilolezo cha akuluakulu ake, nabwerera ku Ulaya. M'chipani chija sadapitirire. Matenda adafika pomsokoneza mutu, ndipo adamwalira m'chipatala mu mzinda wa Caen mu Julaye 1907, ali ndi zaka 33 zokha, pamaso pa anthu ngati munthu wolephera. Mlongo wake wa m'mapemphero uja Papa Pius XI adamlemba m'gulu la oyera mu 1925, ndipo mu 1927 adamuika kukhala nkhoswe ya mishoni zonse, iye amene chilowere ku Carmel sadatulukenso pa mpanda. Ku Likuni kumene Maurice adachoka ndi mtima wosweka, belu likuitanabe Akhristu ku Misa Lamulungu lililonse.